Forester yanga imatsamwa pa chitunda, vuto linali kapaipi ka mu thanki

Masabata atatu apitawa ndakhala ndikulimbana ndi Subaru Forester yanga ija ya turbo, ya injini ya EJ205, ndiye poti ambiri mukandipeza pa Katoto mumandifunsa kuti bwanji galimoto sikuoneka pamsewu ndati ndingolemba zonse mmene zinayendera, mwina wina zimuthandiza asanataye ndalama kapena injini imene.

Galimotoyi inachokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Ndinakhala nayo chaka ili mmene inabwerera, kenako tinasintha downpipe (paipi yotulutsa utsi kuchokera pa turbo) ndi ekizozi, boost (presha ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini) tinakweza kufika 1.1 bar, kompyuta ya injini inachunidwa, ndipo mu thanki tinaikamo pampu ya mafuta ya Walbro 255. Miyezi ingapo zonse zinali bwinobwino.

Vuto linayamba ndikuchokera ku Nkhata Bay. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa kuti kuchoka kunyanja kubwera ku Mzuzu kuno ndi kukwera kokhakokha, ndiye ndili mu giya 3 ndikufuna kupitirira lole, nditaponda moto turbo itangoyamba mluzu wake uja, galimoto inayamba kujejema ngati munthu watsamwa, ndikabweza phazi yabwerera mwakale. Mu tauni osamva kalikonse. Ikaima ikulira phokoso lake labwinobwino.

Apa aliyense anali ndi yankho lake. Wina ati mapulagi, ndinasintha, palibe chinasintha. Wina ati pampu yafa gulani ina, wina ati ndi kompyuta ikudula mafuta chifukwa boost yapyola. Koma kompyuta ikadula mafuta imadula kamodzinkamodzi, mumachita kugwera kutsogolo, pomwe yanga imafooka pang'onopang'ono ndiye ukamvetsera bwino umamva kakugogoda kapansipansi ku injini. Kakugogoda kameneko ndi kamene kanandiopsa zedi.

Nkhani yake ili apa. Turbo imakankha mpweya wambiri mu injini, ndiye mafuta nawo ayenera kuchuluka. Poyenda wamba geji ya wideband, yoyeza kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta, imasonyeza 14.7, koma boost ikalowa iyenera kutsika kufika cha mma 11 chifukwa petulo woonjezerayo amaziziritsanso mapisitoni. Yanga pa chitunda imakwera mpaka 13, kutanthauza kuti mafuta amachepa. Ukakakamira choncho pisitoni imasweka mmbali momwe mumakhala maring'i, ndipo ma Subaru amadziwika nalo vuto limenelo. Tsiku lomwelo ndinaiimika.

Ndinapita nayo kwa mdala wina wa galaja ku Luwinga, munthu wosalankhula zambiri. Atamva nkhani yonse anangoti, "Achimwene musagule kanthu kaye, tiyambe tayeza." Anamanga geji yoyeza presha ya mafuta pa paipi yopita ku ma injector (topopera mafuta mu injini), anachotsa kapaipi ka mpweya pa regulator (kowongolera presha ya mafuta), geji inaima pa 3 bar ndendende monga iyenera kukhalira. Ine mtima unakhala pansi kuti basi mbali ya mafuta ilibe mlandu. Mdala anapukusa mutu, ati galimoto ikaima imamwa tamafuta tochepa kwambiri moti ngakhale pampu yodwala imakwanitsa, yanuyi imadwala pa chitunda ndiye tikaiyezere konko.

Geji anaimata ndi tepi pa galasi lakutsogolo chakunja, petulo salowetsa mkati mokhala anthu, ndiye tinanyamuka iye akuyang'ana geji ine ndikuyendetsa. Regulator ija ntchito yake ndi yoti boost ikakwera ndi 1 bar, presha ya mafuta nayo ikwere ndi 1 bar, chifukwa injector imapopera mafuta mmalo momwe muli kale mpweya wopanikizika. Ndiye pa boost yanga geji imayenera kufika 4.1 nkukhala pompo. Inafika 3.6 kenako inayamba kutsika ine phazi lili pansi, mpaka 3. Chotsanipo 1.1 ya mpweya uja, ma injector amangotsala ndi 1.9 mmalo mwa 3. Njala yeniyeni.

Kuchoka apo tinayamba ndi zotchipa. Kapaipi ka regulator kanali bwino. Fyuluta tinasintha, yakale titaikhuthula munatuluka zofiirira, koma geji inangosintha pang'ono. Magetsi ofika pa pampu anali opitirira 13 volts, mawaya ndi earth zili bwino. Kunatsala kutsegula thanki, mwayi wake Subaru ili ndi kachivundikiro chakumipando yakumbuyo sutsitsa thanki yonse, tinachotsa kaye batire nkukankhira galimoto panja pa mphepo.

Kasefa ka pansi pa pampu kanali bii ndi zinyalala. Izi sindikudabwa nazo, nthawi imene mafuta ankasowa ija ndinathirapo a mzigubu kangapo ndithu, ndipo chigubu sudziwa kuti dzulo munali chani, kaya madzi kaya parafini. Komanso petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol yemwe amakoka madzi, ndi chinyezi cha Mzuzu chino thanki yokhala theka nthawi zonse siichedwa kuchita dzimbiri.

Koma mwini mlandu anali kapaipi kakafupi, kotalika ngati chala, kolumikiza pampu ndi paipi yachitsulo yotuluka mu thanki. Kanali katafufuma, kofewa ngati chingamu, ndipo pafupi ndi kilampu kanali katang'ambika pang'ono. Presha ikakhala yochepa mng'aluwo umatsekeka, ikakwera umayasama ndiye mafuta mmalo mopita ku injini amangobwerera mu thanki momwemo, panja osadontha ngakhale dontho limodzi, fungo osamva. Amene anandiikira pampu anadula paipi wamba ya mafuta, yomwe mkati mwake imapirira petulo koma kunja kwake ayi. Yomira mu thanki ndi ina, imalembedwa kuti SAE J30R10. Zinandipweteka mumtima chifukwa pampu ndinagula yodula, ndipo kanthu kotchipa kuposa zonse ndi kamene kakanandiphera injini. Pampuyo inalibe vuto lililonse, ndikanamvera zogula ina bwenzi titaimanga pa kapaipi komweko.

Paipi yoyenerayo kuno sindinaipeze, tinachita kuitanitsa ndipo inatenga sabata ndi theka. Itafika tinatsuka thanki, kasefa katsopano, makilampu atsopano, nkubwerera pa chitunda chomwe chija. Geji inakwera mpaka 4.1 nkuima nji, wideband pa 11.3, kugogoda kuja zii. Mdala anayezanso compression (mphamvu yopanikiza mpweya) mmasilinda onse anayi ndipo ali pafupifupi chimodzimodzi, apa ndi pomwe ndinapuma bwino.

Loweruka ndikupita ku Karonga, pobwerera ndikwera nayo Chiweta. Geji ija ndawapempha mdala kuti ikhale kaye pa galasi mpaka nditabwerako.