Pakeji imodzi basi, ankolo

Mtima sunakhalebe pansi ndiye ndati ndilembe malaiti asanapitenso.

Mwana wa achemwali anga amene amandithandiza kushopu ku Chilenje wandichingamira pakhomo lero maso ali pansi, akuti ankolo kompyuta yapakona ija yangotsala screen yakuda ndi tizilembo toyera. Ndati wapanga chani iwe? Akuti palibe, disiki inadzaza ndiye ndachotsa python3 poti sitiigwiritsa ntchito, pakeji imodzi basi ankolo. Kutsegula /var/log/apt/history.log, fayilo yomwe apt, pulogalamu yoikira ndi kuchotsa mapakeji a mapulogalamu, imalembamo zomwe yachita, mayo ine, mzere wa Remove kuchita kudzaza screen, gnome-shell yoonetsa desktop momwemo, gdm3 ya polembera pasiwedi polowa momwemo, kapulogalamu kosetera printa nako kapita. apt inamuonetsa zonsezi nkumufunsa ngati ipitirize, iye nkungodina Y osawerenga.

Ndinakalipa ndithu mpaka kasitomala wa fotokope anachita kutembenuka, ndipo zikundiwawa chifukwa mwanayu amafuna kuthandiza, komanso palibe tsiku lomwe ndinakhala naye pansi kumuuza kuti mu Debian, mtundu wa Linux womwe uli pakompyutayo, mapakeji ali ngati nsichi za nyumba, ukazula imodzi denga limakutsata. Ndiye tinakoka mipando. Ndamuonetsa apt-cache rdepends python3 kuti aone amene atsamira pa iyo, ndamuuza kuti Depends ndiye kuti popanda mnzakeyo sichiyenda, pomwe Recommends utha kuchisiya, ndiponso kuti apt-get -s remove imangoyerekeza, siichotsa kanthu. Atayesa rdepends pa libc6, pakeji yomwe mapulogalamu ambiri amadalira, mayina anangoti mbwee osatha, iye kukamwa yasa.

Kenaka anayamba kutsika yekha ndi apt-cache depends. Kuchoka pa openssh-server, pakeji ya ssh yolowera mukompyuta uli kutali, kufika pa libsystemd0, kuchoka apo kufika pa liblzma5, kagawo ka xz, pulogalamu yochepetsera kukula kwa mafayilo, nkundifunsa, nanga kakang'ono aka amakasamala ndani ankolo?

Funso limeneli ndi lomwe landisowetsa mtendere. Njira yomwe anatsatayo ndi yomweyo ya nkhani ya xz mu Marichi 2024, pomwe katswiri wina wa mapulogalamu, Andres Freund, anadabwa kuti ssh ikuchedwa ndi theka la sekondi, atafufuza nkupeza khomo lachinsinsi lobisidwa mu xz, mavesheni 5.6.0 ndi 5.6.1. Amene analiikamo anatha zaka ngati ziwiri akudzionetsa wothandiza, ndipo mwini pulojekiti, Lasse Collin, anali akuisenza yekha mongodzipereka, atatopa. Mwayi wake zinagwidwa zili mu testing ndi unstable, magawo a Debian oyeserera, ku stable yomwe ndi yokhazikika sizinafike. Ndamufotokozera zonsezi, mwana anangoti zii kanthawi, kenaka akuti ndiye ife timangodya osabweza kalikonse?

Ndinati ndi zaulere, anazipanga kuti aliyense atenge. Ndi zoona, koma yankho langalo silinandikhutitse. Makompyuta onse mushopu muja amayendera thukuta la anthu omwe sindinawatumizirepo ngakhale zikomo, ndipo printa ija imavuta chaka chonse koma bug report yowadziwitsa za vutolo sindinalembepo, ndimangoizimitsa nkuyatsanso.

Bandulo inatha tili pakati pobwezeretsa desktop, ndiye yapakona igona choncho mpaka mawa. Mu basi yonse ndimangoganiza za reportbug, kapulogalamu kotumizira bug report ku Debian, kaya ndiyambe ndi printayo, kaya ndimusiyire mwanayu alembe yekha ine ndili pambali poti ndiye anafunsa. Wanditumizira meseji pompano akuti wajambula mivi ya mapakeji aja papepala koma pepala lamuthera asanafike pansi, akufunsa ngati alumikize lina.