Zaka 8 Tikukweza Mathanki a Madzi ku Salima

Mwezi uno takwanitsa zaka 8 chiyambireni ntchito yomanga nsanja ndi kukweza mathanki a madzi. Tinayamba awiri, ine ndi mlamu wanga, tili ndi makina amodzi owotcherera zitsulo pansi pa mtengo wa mango ku Kamuzu Road, ndipo lero nsanja zathu zaima ku Chipoka, ku Senga Bay mpaka ku Khombedza.

Makasitomala ambiri amabwera ndi maganizo akuti thanki yaikulu ndiyo imatulutsa madzi mwamphamvu, koma si mmene zilili. Pulesha imachokera pa kutalika kwa pamene madzi akhala, pafupifupi bar imodzi (muyeso wa mphamvu ya madzi) pa mamita 10 aliwonse, moti thanki ya malita 1,000 yokhala pa nsanja ya mamita 6 imakankha madzi kuposa ya malita 10,000 yokhala pansi. Vuto ndi lakuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, kutanthauza kuti thanki ya malita 5,000 ikadzaza, miyendo inayi ya nsanja imasenza matani 5, ndipo katundu yenseyo amathera m'nthaka.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi misozi m'chaka chathu chachitatu. Tinamangira mayi wina nsanja m'mphepete mwa dambo mu Okutobala, makande atauma gwa ngati mwala, ming'alu yake yolowa dzanja lonse. Ndinakumba maziko osazama poganiza kuti pansi ndi polimba. Mvula ya Januwale itagwa, dothi linafufuma nkufewa, mwendo umodzi unatitimira, ndipo usiku thanki inagwa nkung'ambika pakati. Mmawa ndinapeza mayiwo ataima chete pamatope, ndowa ili m'manja. Mulungu anatichitira chifundo kuti panalibe mwana pafupi. Titayeza zitsulo zopindikazo tinapezanso kuti amene anatigulitsa anatipatsa zopyapyala pa mtengo wa zochindikala, ndipo amene tinkadalira kuti atikongoza ndalama anasiya kuyankha foni tsiku lomwelo. Ndinagulitsa njinga yanga yamoto nkumanganso zonse popanda kuwalipiritsa mayiwo ngakhale tambala.

Chiyambire pamenepo sitidula chitsulo tisanakumbe dzenje loyesera. Pa makande timakumba mpaka titapeza dothi lolimba, miyendo yonse nkuimanga pa konkire imodzi. Pa mchenga wa kunyanja timakulitsa maziko ndi kumangirira thanki, chifukwa mwera ukawomba thanki yopanda madzi imatengeka mosavuta. Amene ali ndi thanki yokwirira pansi timawachenjeza kuti asaisiye yopanda kanthu nthawi ya dzinja, popeza madzi a m'nthaka akakwera amaitukula ngati bwato.

Ndikuthokoza mayi aja chifukwa anatikhululukira, ndipo ndi iwo amene anatilozera makasitomala ena atatu. Ndikuthokoza akazi anga amene anapirira miyezi imene ndiwo zinali masamba okhaokha, mlamu wanga amene sanandithawe, anyamata athu okumba maenje pa dzuwa la ku Salima, mafumu amene amatilandira m'midzi yawo, komanso sukulu ndi mipingo imene yatikhulupirira.

Ngati muli ndi mjigo wa pampu ya sola, kapena madzi a pampope panu akungodontha, bwerani mvula isanayambe. Kudzaona nthaka ya pamalo panu sitilipiritsa, ndipo zitsulo timaziyeza inu muli pomwepo.