Mitu yakale ya sitima pa njanji zing'onozing'ono

Dzulo ndinaima pafupi ndi kanjanji kopatuka kolowera ku fakitale, ndikuonerera mutu wa sitima ukukoka mabogi asanu okha. Penti yonse yasupuka, oyilo akudontha m'mbali, utsi wakuda bii pamene woyendetsa ankawonjezera moto. Koma unakoka ndithu.

Mitu yambiri ya pa njanji zotere ndi yogula kwa makampani akuluakulu atatopa nayo. Eni njanji ena mpaka lero akugwiritsabe ntchito mitu ya mtundu wa GP9 ya kampani ya ku America ya EMD, yopangidwa m'zaka za m'ma 1950. Ambiri sadziwa kuti pa mitu yotere injini ya dizilo sizunguza magudumu mwachindunji: injini imazunguza jenereta, magetsi ake ndiwo amapita ku mamota a pa ekiselo, chitsulo cholumikiza magudumu. Mame akagwa magudumu amaterereka, ndiye mutuwo umathira mchenga panjanji kuti agwire.

Chimene chimandiwawa ndi njanjiyo. Matabwa a pansi aola, misomali yagwedera, sitima ikungoyenda ngati nkhono, mabogi akupendekera uku ndi uku. Makaniko amene akusunga injini zotere ndi moyo, pomasula zipangizo ku mutu wina wakufa, ine ndimawalemekeza kwambiri. Eni njanji, konzani pansipo bogi isanagwe.