Mmene galaja yanga inayambira kulandira ana a sekondale kuno ku Indiana

Sukulu zambiri za sekondale kuno ku America zili ndi mbali yophunzitsa ntchito zamanja, imene amaitchula mwachidule kuti CTE. Mwana wa zaka 16 amaphunzira masamu m'mawa, masana n'kuvala ovolosi kukawotcherera zitsulo, kukonza galimoto kapena kuphunzira kusamalira odwala. Ine ndine makaniko, ndili ndi kagalaja kumpoto kwa Indiana, ndipo ndikulemba izi chifukwa Amalawi anzanga ambiri kuno ali ndi luso m'manja, ena anamwino, ena okonza magetsi, koma amaona ngati za kusukulu n'za aphunzitsi okha. Sukuluzi zikusowa anthu ngati ife. Chimene chimabweza ambiri ndi mapepala, choncho ndifotokoze mmene ndinayendera.

Choyamba n'kudziwa khomo logogoda. Mphunzitsi wamkulu ali ndi zambiri pamutu, ndipo kalata yanu ikhoza kugona pa tebulo pake mpaka chaka kutha. Munthu wofunika ndi woyang'anira CTE wa chigawo cha sukuluzo, chifukwa nthawi zambiri sukulu zingapo zimatumiza ana kumalo amodzi ophunzitsira ntchito. Dzina lake limapezeka pa intaneti. Ndinamulembera imelo yaifupi: ntchito yanga ndi iyi, satifiketi zanga za ASE (bungwe loyesa amakaniko kuno) ndi izi, galaja ili pakutipakuti, ndipo ndikufuna kuthandiza kalasi ya zokonza galimoto. Sindinalonjeze ndalama. Anandiyankha mosachedwa n'kundilumikiza ndi mphunzitsi wa kalasiyo.

Musanayandikire mwana aliyense amayamba afufuza mbiri yanu. Mumadzaza fomu, kupereka chiphaso, n'kuvomereza kuti aone ngati munapalamulapo mlandu. Ena zimawanyansa, koma ine ndikuona kuti n'zoyenera, chifukwa nanenso sindingalole mwana wanga kukhala masana onse ndi munthu amene sukulu sikumudziwa. Fomuyi idzazeni tsiku lomwelo, pakuti zina zonse zimadikira iyoyo.

Kenaka anandiitana kuti ndilowe m'komiti ya alangizi. Apa mpofunika kumvetsa kumene ndalama zimachokera, chifukwa komitiyi si yongokongoletsa. Boma lalikulu la America linayamba kulipirira maphunziro a ntchito zamanja mu 1917 ndi lamulo la Smith-Hughes. Lamulo limene likugwira ntchito pano ndi lotchedwa Perkins V, lomwe linasainidwa mu 2018, ndipo dzinalo ndi la Carl Perkins, phungu wa ku Kentucky. Kudzera m'lamuloli boma limagawa ndalama zoposa madola biliyoni imodzi chaka chilichonse, koma chigawo chofuna ndalamazo chimayenera kufufuza, zaka ziwiri zilizonse, ngati zimene akuphunzitsa zikugwirizana ndi ntchito zimene zilipo m'deralo. Lamulo limati pofufuzapo afunse olemba ntchito, makolo ndi ophunzira. Kuwonjezera apo, kalasi ya zagalimoto yofuna kuvomerezedwa ndi ASE Education Foundation imayenera kukhala ndi komiti yokumana kosachepera kawiri pachaka. Kwathu olemba ntchito amadula levi ya TEVET n'kupereka ku TEVETA. Kuno amakufuna iwe mwini, ukhale pampando unene zimene ukuona.

Msonkhano woyamba tinayamba n'kuyendera shopu ya sukulu. Pansi poyera, masipanala atapachikidwa aliyense pamalo pake, injini ili pachoikira itapentedwa bwino. Ndinagwira bawuti imodzi ya pa injiniyo ndi zala zokha, n'kumasuka. Yamasulidwa ndi ana mazanamazana. Ndiye ndinawauza anzanga a m'komiti kuti vuto lili pomwepa. Kuno nthawi yachisanu amathira mchere m'misewu kuti ayezi asungunuke, ndipo mcherewo umadya galimoto kunsi. Mwana amene sanakumanepo ndi bawuti ya dzimbiri, imene imafuna mafuta, moto ndi kuleza mtima, akafika pa galaja yeniyeni amaithyola tsiku loyamba lomwe. Ndinaonanso kuti kompyuta yawo yoyezera galimoto inali yakale, inkangowerenga makodi wamba osonyeza vuto la galimoto, otchedwa OBD-II, amene galimoto zonse zogulitsidwa kuno zakhala nawo kuyambira 1996, koma siinkatha kulowa m'mabuleki amagetsi kapena m'masensa a galimoto zatsopano.

Chimene ndinaphunzira pamenepo n'chakuti mawu ako amalemera akalowa m'maminitsi. Mlembi analemba kuti komiti yapempha makina oyezera atsopano, ndipo mphunzitsi anatenga pepala lomwelo kukapemphera ndalama. Mphunzitsi akapempha yekha amaoneka ngati akufuna zoseweretsa. Akapempha eni magalaja, akuluakulu amamva. Choncho mukakhala m'komiti musamangoti zonse zili bwino pofuna ulemu. Tchulani chida, tchulani chifukwa, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa.

Za mphatso sindichulukitsa. Ndinali ndi galimoto yakale imene mwini wake anaisiya kwa ine mwalamulo, ndipo ndinafuna kuti ana aziphunzirirapo dzimbiri lija. Simungangoikoka n'kukaisiya pageti. Mumalemba fomu yonena chimene mukupereka, mapepala a umwini amasinthidwa, bodi ya sukulu imavomereza pamsonkhano wake, kenaka amakupatsani kalata. Funsani kaye mphunzitsi chimene akufuna, chifukwa shopu zambiri zadzaza ndi zinthu zimene anthu anangofuna kuchotsa kunyumba. Nthawi zambiri chosowa ndi tinthu tothatha: magolovesi, oilo, nsanza, mafyuzi. Chinanso ndi ndalama za ulendo kwa ana opita kumpikisano wa ntchito zamanja wa SkillsUSA, umene wa dziko lonse umachitika mu June.

Gawo lovuta, lomwenso ndi lopindulitsa kuposa onse, ndi kulandira mwana m'galaja. Yambani ndi a inshulansi, musanalonjeze sukulu chilichonse. Kampani yanga poyamba inakana kungomva kuti wosakwana zaka 18, mpaka ndinawatumizira chikalata cha sukulu chofotokoza ntchito zimene mwanayo azigwira ndi amene azimuyang'anira. Atawerenga anavomera kumuika pa inshulansi ya ovulala pantchito. Chikalata chimenechi ndi pangano limene timasaina anthu anayi: wophunzira, kholo, mphunzitsi ndi wolemba ntchito. Limatsagana ndi ndondomeko ya zophunzira, ndipo iyi musalole kuti ena akulembereni. Ine ndinakhala pansi ndi mphunzitsi n'kundandalika mwa dongosolo: kusintha oilo, matayala, kuyendera galimoto yonse, mabuleki, kenaka zamagetsi pomaliza.

Malamulo a ntchito za ana muwadziwe bwino, chifukwa chindapusa chake chimagwera inu, osati sukulu. Lamulo la Fair Labor Standards Act la 1938 lili ndi mndandanda wa mitundu 17 ya ntchito zoopsa zoletsedwa kwa osakwana zaka 18. Zina mwa izo wophunzira wa CTE amaloledwa, bola pakhale pangano lolembedwa, ntchitoyo ikhale ya kanthawi kochepa ndipo wamkulu akhale pafupi. Koma kuyendetsa galimoto sikulowa m'chilolezo chimenechi. Wa zaka 16 saloledwa konse kuyendetsa pamsewu wa onse ngati mbali ya ntchito, ngakhale ali ndi laisensi, ndipo wa zaka 17 amaloledwa mwa apo ndi apo, masana okha. Ine ndinangodula nkhani: kuyesa galimoto pamsewu ndi kwanga, mwana amakhala pambali n'kumamvetsera phokoso. Ku Indiana ziphaso zakale zolola ana kugwira ntchito zinatha mu 2021, ndipo m'malo mwake wolemba ntchito ana asanu kapena kuposa ankalembetsa pa intaneti ku dipatimenti ya zantchito. Wanga anali mmodzi, koma maola ake ndinkalembabe tsiku lililonse.

Za malipiro maganizo anga ndi amodzi: mwanayo alipidwe. Malipiro otsikitsitsa kuno ndi madola 7.25 pa ola, ndipo ine ndinapereka oposerapo. Sukulu zina zimalola kuti aziphunzira osalandira kanthu, koma zikatero ana a m'mabanja osowa amasankha kukagulitsa zakudya madzulo, n'kusiya mwayi kwa amene kwawo kuli kale zonse.

Amene ananditumizira anali mtsikana wa zaka 17, wofatsa, wobwera atanyamula kale khadi lake la maphunziro a maola 10 a chitetezo la OSHA, nthambi ya boma yoona za chitetezo pantchito. Masabata oyamba ntchito imachedwa, musadzinamize. Mabuleki amene ndimamaliza mu ola limodzi tinkatha masana onse, chifukwa ndinkamusiya ayeze yekha kukula kwa diski, awerenge nambala m'buku, andiuze ngati ikufunika kusintha. Pomanga tayala ndinkamupatsa sipanala yoyeza mphamvu, amange modumphitsa manati, amve kuti "kha", aime. Ana ambiri amafuna kukokanso kachiwiri kuti atsimikize, ndipo pamenepo ndi pomwe ulusi umaonongeka. Iye anagwira msanga. Tsiku lina anandiitana kuti ndione paipi ya mabuleki kunsi kwa galimoto imene inangobwerera oilo, itatupa ndi dzimbiri, mafuta a mabuleki akuchucha pang'onopang'ono. Mwini galimoto ndinamuuza kuti waona zimenezi ndi mtsikanayu.

Mphunzitsi amabwera kudzaona mmene zikuyendera, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse mumadzaza fomu yomuyesa: kusunga nthawi, chitetezo, luso, kayankhulidwe ndi makasitomala. Lembani zoona. Mukamupatsa zonse zabwino pomumvera chisoni, mphunzitsi sadziwa pokonza. Fomu imeneyi imalowa m'magiredi ake, ndipo maphunziro ena a m'kalasimo amawerengedwanso ku Ivy Tech Community College, kotero mwana amatuluka sekondale atayamba kale ulendo wa kukoleji osalipira zambiri.

Ngati mukufuna kulandira mwana pamene sukulu ikutsegulira mu August, yambani kugogoda chisanu chisanathe, chifukwa ana amasankha makalasi a chaka chamawa kumayambiriro kwa chaka. February ndi mwezi wa CTE, ndipo malo ambiri ophunzitsira ntchito amatsegula zitseko kuti anthu adzaone. Pamsonkhano wathu wotsatira ndikukapempha kuti agule magolovesi otchinga magetsi amphamvu, chifukwa galimoto zoyendera mafuta ndi batire zachuluka, ndipo mwana aliyense ayenera kudziwa kuti waya wa mtundu wa lalanje sagwiridwa asanazimitse batire yaikulu.