Masabata 6 ndikupaka eye gel

Mwana wanga atakwanitsa miyezi 7 anayamba kumera mano, ndipo tulo tinasowa m'nyumba mwathu ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu. Ndinkadzuka kanayi kapena kasanu usiku umodzi, 5 koloko ikamakwana n'kuyamba kukonzekera za kuntchito. Tsiku lina m'mawa ndikutsika pa kabaza pafupi ndi depoti, mnzanga amene timagulitsa naye m'shopu anandiyang'anitsitsa n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Asisi, mumalira? Kunyumba kuli bwino?" Sindinalire ayi. Koma m'munsi mwa maso mwanga munali motupa ngati ndalumidwa ndi njuchi, ndipo funsolo linandikhala pamtima tsiku lonse.

Ine zodzola sindichulukitsa. Sopo wosawawa, mafuta a kumaso, sunscreen m'mawa, basi. Choncho nditalowa mu famase Loweruka lotsatira ndinkangodziwa dzina loti eye gel, mafuta opaka mozungulira maso, lomwe ndinaliona pa Facebook. Mayi amene ankagulitsa anatembenuza kabokosi n'kundisonyeza zolembedwa kumbuyo: caffeine, hyaluronic acid ndi aloe vera, popanda pafyumu. Kachubu ka 15 ml, kochepa ngati chala, koma mtengo wake wofanana ndi paketi ya matewera a mwana. Ndinaima kaye, ndalama zili m'manja. Nditalipira anandichenjeza kuti, "Mayi, musathamangire nako kumaso. Pakani kaye kuseri kwa khutu, mudikire masiku 2, muone ngati sipakuyabwa."

Za kukhutuzo ndinamvera, ndipo sipanayabwe. Pomwe ndinalakwitsa ndi tsiku loyamba kupaka kumaso. Ndinafinya wambiri, n'kupaka mpaka m'mphepete mwenimweni mwa chikope. Pasanathe nthawi maso anayamba kuwawa, misozi chuchuchu, mpaka ndinakasamba. Gel akatenthedwa ndi thupi amayenda yekha, ndiye ukamuika pafupi kwambiri amakalowa m'diso. Panopa ndimafinya kadontho kofanana ndi kambewu kamodzi ka mpunga wa Kilombero, n'kugawira maso onse awiri. Ndimagwiritsa ntchito chala chovala mphete chifukwa n'chimene chilibe mphamvu zambiri, ndipo sinditikita. Ndimangogunda pang'onopang'ono motsatira fupa lozungulira diso, kuyambira cha kumphuno kupita cha kukhutu. Akauma ndiye ndimadzola mafuta ndi sunscreen pamwamba.

Khungu la m'zikope ndi lopyapyala kuposa pena paliponse m'thupi, pafupifupi theka la milimita. Munthu akagona, madzi a m'thupi amasonkhana pamenepo, n'chifukwa chake kutupako kumakula m'mawa. Caffeine amathina timitsempha ta magazi, hyaluronic acid amasunga chinyezi kuti khungu lisaume. Zinandisangalatsa kudziwa kuti chinthu chomwe chili mu khofi amene alimi a ku Misuku ndi ku Viphya amalima n'chomwecho ndikupaka kumaso.

Kuzizira nakonso kumathandiza kwambiri. Ena amasunga gel wawo mu firiji, koma ine ndinayamba mu June, ndipo amene anakhalapo ku Mzuzu mu June akudziwa. Ndimangosiya kachubuko pawindo la kuchipinda usiku. Pofika m'mawa, chifunga chili tolo kunja, kamakhala kozizira ngati katuluka mu ayezi. Kukagunda pakhungu tulo tonse timabalalika.

Pa kutupa, gel ameneyu wandithandiza ndithu. Pakatha mphindi 15 kapena 20 pamaoneka kuti paphwa, ndipo pofika kushopu palibenso amene amandifunsa ngati ndalira. Koma ndi chithandizo cha tsiku limenelo lokha, mawa lake umayambiranso. Ndinaonanso kuti ndikadya usipa wouma wamchere wambiri madzulo, kapena tchipisi cha pachiwaya, m'mawa kutupa kumakula moti gel amalephera. Ndinachepetsa mchere pa chakudya cha usiku n'kuwonjezera pilo wachiwiri kuti mutu uzikhala m'mwamba pang'ono. Ziwirizi sindinalipire kalikonse, ndipo ndikukhulupirira kuti zachita theka la ntchito yonse.

Chimene sichinasinthe ngakhale pang'ono ndi kuda kwa m'munsi mwa maso. Poyamba zinandikhumudwitsa. Ndinayesa kukoka khungulo pang'ono ndili pagalasi: mtundu wake sunasinthe, kusonyeza kuti si mthunzi wa kutupa kapena magazi oonekera, ndi mtundu weniweni wa khungu. Nditaimbira amayi ku Kasungu anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, yang'ana chithunzi cha agogo ako. Maso amenewo ndi a kwathu." Ndinakachitulutsadi mu alubamu. Agogo ali nawo, amayi ali nawo.

Apa ndi pamene ndikufuna kulankhula ndi mtima wonse. Ndikudutsa pamsika wina, mayi wogulitsa zodzola anandiitana n'kunditulutsira kabotolo kopanda zolemba zomveka, akuti kamachotsa kuda m'sabata imodzi. Ndinakana, ndipo ndidzakanabe. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena ma steroid. Ma steroid amapyapyalitsa khungu, ndiye taganizani pamalo pomwe ndi popyapyala kale. Mercury amawononga impso, ndipo ine ndikuyamwitsa. Hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amatha kusiya mabala akuda kuposa poyamba. Ndili ndi msuweni amene masaya ake anapsa motero, ndipo lero satuluka m'nyumba asanadzole ponzi wambiri. Zimandipweteka ndikamamuona, chifukwa anali ndi khungu lokongola kwambiri pa tonsefe.

Kachubu kanga katsala pafupifupi theka. Kumbuyo kwake kuli kachizindikiro ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M, kutanthauza miyezi 6 chitsegulireni, choncho kandifikitsa mpaka nyengo yotentha. Kakadzatha ndikufuna ndiyese kaye njira ya amayi: masupuni awiri ogona m'madzi ozizira, kapena timatumba ta tiyi wa Chombe tomwe taphikidwa n'kuzizira, popeza namonso muli caffeine. Mano awiri a m'munsi atuluka tsopano, ndipo usiku wathawu mwana anagona mpaka 4 koloko. M'mawa uno ndinatenga kachubuko pawindo, ndinadziyang'ana pagalasi, n'kukabwezera pomwepo osatsegula.