Dzina la pa piyano lisakupusitseni

Akuluakulu a mipingo ndi makwaya kuno ku Dedza, pogula piyano musamangodalira dzina lolembedwa pamwamba pa makiyi. Mayina ambiri akale anagulitsidwa. Knabe inayambira ku Baltimore mu 1837, koma lero dzinali lili m'manja mwa Samick ya ku South Korea. Ritmüller ya ku Germany ikupangidwa ndi Pearl River ku China. Sikuti nzoipa ayi, zina zimalira bwino ndithu, koma musalipire mtengo wa dzina.

Tsegulani chivundikiro, pezani nambala pa chitsulo chogwira nsambo, muifufuze pa intaneti mudziwe chaka chake ndi amene anaipanga. Onaninso thabwa lakumbuyo ngati silinang'aluke. Zikhomo zokungira nsambo zikakhala zokhwefuka, isiyeni, chifukwa chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa Okutobala zidzasokoneza mawu ake msanga.