Ndavina chigayo lero

Loweruka. Magetsi anathima dzulo cha m'ma 9 usiku ndipo kunacha asanayake, nde amayi atagogoda pachitseko kuti ufa watha ndinadziwiratu kuti ulendo ndi wa kuchigayo cha dizilo chija cha kumtunda, chapafupi pano popanda magetsi ndi nyumba chabe. Tinabwereka njinga kwa aneba, thumba pa kaliyala, ine ndagwira handulo mphwanga akukankha kumbuyo uku akudandaula kuti iye Loweruka ndi tsiku lake lopuma. Kupuma chani, munthu wa Folomu 1. Amayi anati lero ndi mgaiwa basi, zokonola ndi kuviika tidzaona sabata ya mawa.

Kuchigayoko tinapeza Ndirande yense ali konko. Mzere wa mabeseni ndi matumba mpaka kumsewu, azimayi akhala pansi pa mtengo akukamba za mtengo wa shuga, mnyamata wogayitsa nkhope yonse mbuu ngati wagwera mu ufa. Ndiye injini ija. Amene simunaimepo pafupi ndi chigayo cha dizilo simungamvetse, chimapita dugudugudugu osasintha, lamba akumenya pa nthawi yake, kenako akathira chimanga mawu amatsika n'kukhala olemera ngati chikudandaula, chimanga chikatha amakweranso. Ndinangozindikira mutu ukugwedera wokha, phazi likuponda fumbi. Mphwanga anandiyang'ana nthawi yaitali kenako amvekere, “Achimwene, mukuvina chigayo?” Mayi ena pafupi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Eya, ndimavina chigayo. Ndipo mlandu wake ndi wa Ajeremani asanu ndi mmodzi.

Inali 2013, ndili Folomu 2, ndili ndi kafoni kamabatani ndi memori khadi ya 2GB yomwe ndinkaisamala kuposa makope. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wobena nyimbo ku Limbe, kakompyuta kake kali pa tebulo la matabwa, ndinangoti ndidzazireni zilizonse za bho. Anandiikira Black Missionaries, dansiholo, hip hop, makwaya, zonse zimene aliyense anali nazo nthawi imeneyo. Koma pansi penipeni panali foda yopanda dzina, kaya inachokera mufoni ya ndani, mkatimo kanyimbo kamodzi. Ndinakatsegula mu minibasi tikudutsa pa Chichiri. Poyamba ndinaganiza kuti mahedifoni aphulika. Gitala yake sinkalira ngati ya nyimbo za rock zomwe ndinkamva mwa apo ndi apo pa wailesi, inkadula, ngati munthu akutema pamalo amodzimodzi ndi chikwanje osaphonya. Ng'oma zopanda kukometsera kulikonse. Kenako mawu a bambo wina kuchokera pansi pa mimba, akugubuduza r ngati njinga yamoto ikulira, ife amene r ndi l timangoziphatikiza mmene tafunira ndinaona ngati ndi matsenga. Ndinafika pa siteji yathu nditaibwereza kasanu, kondakitala anachita kundigwedeza phewa.

Panapita milungu ndisanadziwe kuti ndi ndani. Ndinasunga ndalama ya mandasi n'kukalowa mu intaneti kafe mutauni, kulemba mawu awiri omwe ndinkamva mmene ndinkawamvera. Rammstein. Gulu la ku Berlin, linayamba 1994, onse anakulira ku East Germany khoma lija lisanagwe mu 1989, ndipo mpaka lero ndi anthu omwewo asanu ndi mmodzi, palibe anatuluka palibe analowa. Ganizirani magulu athu kuno mmene amagawanikirana chimbale chachiwiri chisanatuluke kkkk. Nyimbo ija inali Du hast, ya mu 1997, pa chimbale cha Sehnsucht. Ndinaseka nditawerenga kuti ukali wonse uja nkhani yake ndi malumbiro a ukwati, munthu akufunsidwa ngati adzakhale wokhulupirika mpaka imfa iye n'kukana, komanso kuti mawu a mutuwo pa Chijeremani amamveka pawiri, kukhala ndi chinthu kapena kudana ndi munthu. Woyimbayo, Till Lindemann, ali mnyamata anali katswiri wosambira ndipo anagwirapo ntchito yoluka madengu. Madengu! Chibambo chimene chimayatsa moto pa siteji chija, chili ndi satifiketi yake ya zamoto zomwezo, chinkaluka madengu ngati agogo a ku Phalombe.

Kunyumba sizinayende bwino. Amayi anandipeza tsiku lina ndalumikiza foni ku wailesi ya pabalaza, anangoima pakhomo ndi chipande m'manja n'kunena kuti za satana m'nyumba mwanga ayi. Sindikuwanena, nthawi imeneyo nkhani za satanic zinali m'kamwa mwa aliyense, ukangovala zakuda kawiri motsatizana anthu ayamba kale kukuloza. Anaitanitsa ankolo, achimwene awo, omwe ndi mkulu wa mpingo, kuti adzandilangize. Ankolo anakhala pa mpando, anavala hedifoni imodzi, anamvetsera nyimbo yonse mpaka kumapeto nkhope ili gwa. Atachotsa anati, “Achemwali, ine satana sindikumumvamo umu. Ndikumvamo chigayo.” Amayi anaseka, mlandu unathera pomwepo, koma ine ndinakwiya sabata yathunthu. Bola akanati satana, zikanandipatsako ulemu. Chigayo?

Nde lero nditaima pamzere paja, zaka zonsezi zitadutsa, ndinakumbukira mawu a ankolo aja ndipo ndinachita manyazi pang'ono chifukwa madala aja analasa pomwepo osawerenga kalikonse. Mtundu wa nyimbozi amautcha industrial metal, kutanthauza kuti phokoso la mafakitale ndi makina ndiye msana wake. Dzinalo linachokera ku kampani ya nyimbo ya Industrial Records yomwe gulu la Throbbing Gristle linayambitsa ku England mu 1976, gitala zolemera zinabwera pambuyo. Ine ndinayenda njira imeneyi chobwerera m'mbuyo, bandulo ndi bandulo, usiku anthu atagona. Kuchoka pa Rammstein ndinagwera pa Nine Inch Nails ya Trent Reznor, kenako Ministry a ku Chicago, omwe poyamba ankaimba tinyimbo tofewa ta makiyibodi asanalusire. Kenako ndinapeza Einstürzende Neubauten, dzina loti mpaka pano ndimachita kukopera polemba, a ku West Berlin, anayamba 1980, ndipo awa ankamenya zitsulo zotola kudzala, mapaipi, malata, mpaka makina obowolera khoma pa siteji. Ndinaonera vidiyo yawo ndili pa bedi n'kudzifunsa kuti kodi si zomwe ndimadutsa tsiku ndi tsiku popita kusukulu izi?

Tinagayitsa cha m'ma 11. Pobwerera thumba likutentha kumsana kwa njinga, ndipo titangofika amayi anatitumanso, akuti mbaula yabooka pansi, magetsi a masiku ano osawadalira. Mphwanga anafuna kuthawa koma ndinamugwira kolala.

Kumsika wa Ndirande, mbali ya okhoma zidebe ndi mbaula, ndi malo amene ndimawakonda kuposa kulikonse mu Blantyre muno, ndipo ndikanena anthu amaona ngati ndikuseka. Khalani chete pamenepo mphindi ziwiri zokha. Wina akuwongola lata ndi hamala yaikulu, phaa, phaa, mwapatalipatali. Wina akupinda mkombero wa ndowa ndi kahamala kakang'ono, tetetete mofulumira. Wina uko akudula mgolo ndi tchizulo. Palibe akumvera mnzake, aliyense akuthamangira ndalama yake, koma ukamvetsera pali pomwe amakumana onse n'kupanga bit imodzi kwa kanthawi kenako n'kubalalikanso. Ndinatulutsa foni n'kupempha bambo amene timagula mbaulawo ngati ndingajambule mawu. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. “Mujambule chani apa bwana, phokosoli?” Ndinati eya lomwelo. Anati jambulani koma mtengo wa mbaula sutsika. Ndipo sunatsikedi, ndinayesa kunenerera mpaka kutopa.

Chimene Ajeremani aja anandichita ndi chimenechi, anandisokoneza makutu. Kale ndinkamvera nyimbo kuti ndimve mawu, uthenga, kaya woyimba akudandaula za chikondi kaya za boma. Koma zaka zitatu ndikumvera anthu omwe sindinkamva liwu ndi limodzi lomwe, ndinazolowera kuyamba ndi pansi, ng'oma ndi bezi, ndi kubwerezabwereza kuja komwe ena amati kumatopetsa. Pano nyimbo ikachuluka zokometsera, kiyibodi uku, mawu okonzedwa ndi kompyuta mpaka munthu kumveka ngati udzudzu, ndimadumpha isanafike pakati. Ndipatseni chinthu chimodzi cholemera muchibwereze mpaka chindilowe m'mafupa.

Ndipo chodabwitsa n'choti zimenezi sizinanditengere kutali ndi kwathu mmene amayi ankaopera. Tili ana ankatitenga kupita kwa Chonde ku Mulanje mu October ku Mulhako, ine ndinkangofuna zokazinga ndi kubwerera, tchopa ndinkaiona ngati ya agogo ovala zikopa ndi nthenga. Nditapitanso ndili wamkulu, makutu atasinthidwa kale, ndinaima pafupi ndi oyimba ng'oma mpaka dzuwa kupendeka. Ng'oma yaikulu ija imagunda pachifuwa chimodzimodzi, siipepesa, siisintha kuti ikusangalatse, iwe ndi amene umagonja. A UNESCO anailemba tchopa m'kaundula wawo mu 2014, ine chaka chimenecho ndinali bize ndi Ajeremani osadziwa kuti kuseri kwa nyumba kuli zomwezo. Babatoni naye, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi waya wake mmodzi, kamtengo ndi botolo, phazi likuponda ng'oma, kapena a Madalitso Band, ndimawamvera pa pleyilisiti imodzi ndi Ministry ndipo sizimenyana olo pang'ono.

Kusowa anzako ndiye vuto. Mu Blantyre muno ukafuna rege upita ku Chileka, amapiano ali mu bala iliyonse, gospel Lamulungu lililonse, koma metal ndiwe wekha ndi mahedifoni ako. Ndimasirira a ku Botswana, kuli magulu ngati Overthrust a ku Ghanzi, Wrust ndi Skinflint, mafani awo amavala zikopa zakuda ndi zipewa za makauboyi dzuwa la ku Kalahari likuswa mtengo, ndipo ku Ghanzi amachita festivo yawo. Rammstein anafikapo ku Cape Town ndi Johannesburg mu 2011, pafupi pomwepa, basi ya pa Wenela ikanandifikitsa, koma ine nthawi imeneyo ndinali ku pulayimale ndikusewera mpira wachikulunga. Tisheti yanga yokhayo ya gululi ndinaipeza pa kaunjika ku Limbe, mayi wogulitsa ankati ndi ya kampani ya zomangamanga chifukwa cha chizindikiro chija chonga mtanda. Sindinawatsutse, ikanakwera mtengo.

Sikuti ndimawapembedza ayi. Mavidiyo awo ena sindingaonere mphwanga ali pafupi, ndipo mu 2023 zitamveka nkhani zomuneneza Lindemann pa za atsikana obwera ku mashoo awo ndinasiya kuwamvera miyezi ingapo. Ofufuza milandu ku Berlin anatseka nkhaniyo mu August chaka chomwecho ponena kuti umboni wokwanira panalibe, koma mtima wanga sunabwerere pomwe unali, tisheti ija pano ndimagonera. Makutu okhawo ndi amene sangabwerere.

Magetsi anayaka cha m'ma 6, Ndirande yense kukuwa ngati Bullets yagoletsa. Mbaula yatsopano inali itayaka kale, nsima ya mgaiwa ndi usipa, amayi anati pa moto pomwepo zipse. Titadya ndinatsegula laputopu n'kuika mawu ndinajambula kumsika aja mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo. Ndinadula hamala yaikulu kukhala ng'oma yapansi, kahamala kakang'ono pamwamba, ndipo chigayo, chomwe ndinajambulanso mobisa m'mawa muja pamene mphwanga ankandiseka, ndinachitsitsa mawu n'kuchiika ngati bezi. Gitala ndilibe, ndinangopotoza kiyibodi mpaka imveke yaukali. Amayi anasuzumira kuchipinda n'kufunsa kuti ndani akukhoma mbaula usiku uno.

Mphwanga anakhala pa bedi akunamizira kusewera gemu, kenako anati pakusowa log drum, ng'oma ija ya mu amapiano, apo achimwene. Ndinati choka iwe ndi maamapiano akowo, undiwonongera nyimbo. Anakakamira, ndinamusiyira mausi kuti aone yekha kuti sizingatheke. Anaika. Zinakhala. Sindinamuuze kuti zakhala, ndinangoti tisiye choncho kaye tiona mawa, iye anatuluka akumwetulira ngati wawina beti.

Kachidutswa ka masekondi 40 ndakatumiza kwa ankolo pa WhatsApp, ndalemba kuti ankolo chigayo chanu chija ndi ichi. Matiki awiri asanduka a buluu kalekale. Sanayankhe, mwina akukonzekera ulaliki wa mawa.